Mbawala ndi jakaranda zikundikanika pa kamera, ndithandizeni

NaPhiri_wa_25

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Area 25. Sabata yatha, tikuphunzira za nyama zakutchire, ndinafunsa ana kuti ndani anaionapo mbawala ndi maso ake. Palibe ndi mmodzi yemwe anakweza mkono. Kamnyamata kena kanati, "Madamu, si mbuzi yothawa pakhomo imeneyo?" Anzake anaseka, koma ine mtima unandiwawa, poti mbawalazo zili mumzinda mommuno, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo anawa amadutsapo pa minibasi osadziwa.

Ndiye Loweruka ndinatenga kamera ya Canon yakale imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndi lenzi yake ya 55-250, n'kupita ku Lilongwe Wildlife Centre pa msewu wa Kenyatta. Ndinafika cha m'ma 11 koloko, dzuwa lili pamutu. Mbawala ndinaiona ndithu, yaikazi, itaima pansi pa mtengo ikundiyang'ana. Pa chithunzi yangokhala kachinthu kakuda pakati pa masamba owala mbee. Apusi ndiye onse atuluka ngati utsi, mchira wokha ndiwo ukuoneka. Pobwerera ndinatsikira ku Botanic Garden kufupi ndi Capital Hill kuti ndijambuleko maluwa. Jakaranda amene ndi maso anali wokongola chonchija watuluka wotuwa ngati chitenje chosuluka.

Ndikufuna zithunzi khumi zokha zabwino, ndikazitsukitse zikuluzikulu, ndizimate pakhoma m'kalasi. Kodi vuto ndi kamerayi? Ndisunge ndalama ndigule ina?

Wazithunzi_Kawale

Aphunzitsi, musagule kanthu. Ine ndadyetsa banja zaka zambiri ndi kamera yonga yanuyo, kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Chakupwetekani ndi nthawi imene munafikira. Dzuwa la Okutobala cha m'ma 11 limalowa m'nkhalango mabangamabanga, apa kuwala koboola m'maso, apo mdima. Kamera ikaona masamba owalawo imachepetsa kuwala kuti asapse, ndiye mbawala yanu ya pamthunzi n'kudetsedwa. Funsani nthawi imene amatsegula pachipata, mukakhale woyamba kulowa. Kapena mupite 3 koloko itadutsa.

Za apusi, tembenuzani kagudumu ka pamwamba kafike pa Tv (pamene mumadzisankhira liwiro limene kamera ijambulire), muike 1/500 ya sekondi, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) muisiye pa Auto. Chithunzi chikatuluka ndi timadontho ngati mchenga musadandaule, pakhoma la m'kalasi palibe mwana adzaone zimenezo. Chimene sichikonzeka ndi chithunzi chogwedezeka. Kadontho ka focus (kosankhira chimene chioneke bwino pa chithunzi) kakhale kamodzi, ka pakati, ndipo muzikalozetsa pa diso la nyama. Mukaisiyira kamera kuti isankhe yokha, imagwira tsamba limene lili pafupi.

Malo aja si zuu monga ena amanenera. Ndi kosamalirako nyama zopulumutsidwa, zovulala kapena zolandidwa kwa ozigulitsa, ndipo zambiri amafuna kudzazibwezera kutchire. Choncho za m'makola muyambe mwafunsa ogwira ntchito ngati n'zololedwa kuziona. Kale ndinajambulako Bella, mkango waukazi wa diso limodzi umene unabwera kuchokera ku Romania mu 2009. Pakati pa ine ndi iye panali waya. Ndinasendeza lenzi pafupi ndi wayayo pamalo pamene ankalola kuima, ndinakoka zoom mpaka kumapeto, ndinatsegula aperture yonse (kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi), kenako ndinadikira kuti mkangowo upite kutali ndi mpanda. Waya anasungunuka, osaonekanso. Nyama ikatsamira pampanda, njira imeneyi siigwira, musavutike nayo. Fulashi muizimitse nthawi zonse, imadzidzimutsa nyama.

Gogo_wa_Maluwa

Mwanawe, za makinawo akuuzani abambo a ku Kawalewo, ine sindizidziwa. Koma maluwa ndakhala nawo zaka makumi atatu, ndimafesa mbande m'machubu n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo adzukulu akamandijambulira zoika pa WhatsApp ndimakhala pomwepo.

Jakaranda musamuyang'anitse kumwamba masana. Miyezi ino kumwamba kumakhala kotuwa ndi fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire, duwa lake lopepuka lija limangosowera momwemo. Funani pamene kumbuyo kwake kuli mtengo wa masamba obiriwira kwambiri, monga mango, kapena khoma la njerwa zootcha. Koma ine chimene ndimakonda ndi pansi. M'mamawa, osesa asanafike, maluwa ogwa usiku amayala pansi ngati mphasa. Gwadani, kamera ifike pafupi ndi dothi. Fulumirani ndithu, jakaranda sachedwa, Novembala akamafika amakhala atayoyoka. Akamatha iye ndi pamene mitengo ya maluwa ofiira ngati moto ija, flamboyant, imayamba.

Duwa limodzi lapafupi, monga hibiscus kapena bougainvillea, limafuna mthunzi. Tengani ambulera, wina akugwirireni. Kukakhala kopanda ambulera, chitenje choyera chimathandiza, koma cha mawangamawanga ayi, chimapaka mtundu wake pa duwa. Ndiponso mphepo. Kukangotentha kamphepo kamayamba, duwa silikhazikika. Cha m'ma 6 koloko m'mawa kumakhala bata, njuchi ndi agulugufe nazonso zimakhala zisanachangamuke, zimakulola kuyandikira.

Ana anuwo muwaonetsenso zathu zakuno, si zobwera zokha. Jakaranda kwawo ndi ku South America, bougainvillea chimodzimodzi. Mvula yoyamba ikagwa mudzapite ku Dzalanyama, mukaone timaluwa timene timatuluka pansi pamene panapsa ndi moto, pakati pa mitengo ya mombo ndi tsamba. Sitikhala masiku ambiri. Ine mayi anga ankatitchula mayina tonse, lero ndikukumbukako ochepa okha, ndipo zimandidandaulitsa.

Chiko_Biwi

Amayi, ine ndimajambula ndi foni basi. Pukutani kagalasi kaye ndi nsalu yofewa, thukuta la m'thumba limachititsa chifunga. Dinani pa duwa, kenako tsitsani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pa foniyo, mtundu umabwerera. Ngati mukufuna mbidzi ndi mphalapala, pitani ku Kuti Wildlife Reserve kufupi ndi Salima. Kulibe mikango, mumayenda wapansi kapena pa njinga, ndipo kulibe waya wokutchingirani. Chinanso, ku Botanic kuja samalani kolozetsa lenzi yaitaliyo, Nyumba ya Malamulo ndi maofesi a boma zili pafupi. Funsani alonda kaye. Ndipo apusi musawaonetse chakudya kuti ayandikire, akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma ana.

NaPhiri_wa_25

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwerako dzulo ku Wildlife Centre kuja. Ndinalawira, ndinali wachiwiri kulowa. Ndinaika 1/500 monga munanenera abambo, ndipo ndinachita chinthu chimene ulendo woyamba sindinachite: ndinakhala pansi. Ndinapeza chitsa pafupi ndi kanjira kotsikira ku Lingadzi, n'kukhala phee pafupifupi mphindi 40. Poyamba kunalibe kanthu koma mbalame ndi phokoso la magalimoto chapatali. Kenako apusi anatsika m'mitengo, wina ali ndi mwana atakakamira kumimba, ndipo sanandilabadire. Mbawala inatulukira kumanzere kwanga, yamphongo ulendo uno, yakuderapo, ya nyanga zopotana pang'ono. Manja ankanjenjemera, ndinatsamiritsa zigongono pamaondo. Pa zithunzi 23 zimene ndinaijambula, ziwiri zatuluka bwino, timadontho toyera ta pantchafu pake tikuwerengeka.

Agogo, za pansi zija munanena zoona. Ndinagwada pa jakaranda wa kuseri kwa tchalitchi chathu lero m'mawa, mtundu watuluka weniweni. Za ku Dzalanyama ndazilemba, ndikudikira mvula. Ngati mungalole, ndikadzajambula timaluwa timeneto ndidzabwere nazo zithunzi kwanu, mundiuze mayina amene mukukumbukawo, ndiwalembe pansi pa chithunzi chilichonse m'Chichewa.

Abambo a ku Kawale, funso lina. Khoma la m'kalasi mwathu limawombedwa ndi dzuwa masana onse. Nditsukitse pa pepala lonyezimira kapena losanyezimira, ndipo kodi ndikaziika m'pulasitiki sizidzasuluka teremu isanathe?