Za petulo wa galimoto yanga ya Sienta ija: ndayesa malangizo anu

Zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha nditadandaula kuti Sienta yanga ikumwa petulo kwambiri ndikamachoka pa boma la Ntcheu kukapikula mbatata ndi kabichi ku Lizulu.

Ndinayamba ndi matayala, monga ananenera achimwene ena aja. Titapima, awiri akumbuyo anali ndi mpweya wochepa ngakhale pamaso ankaoneka bwinobwino. Muyezo wake walembedwa pa kapepala komata pakhomo la dalaivala, ine osadziwa zaka zonsezi! Sefa ya mpweya nayo inali itatsekeka ndi fumbi lofiira, ndinagula ina. Ndikamadikira matumba pamsika ndimazimitsa injini, ndipo pa M1 sindipitirira makilomita 80 pa ola, zitunda ndimakwera osapondereza mafuta. Kale ulendo wopita ndi kubwera unkatha malita 8, pano ndikuthira 7 n'kutsalako pang'ono.

Koma malangizo oti ndiziika giya pa N (pamene injini siyendetsa matayala) potsetsereka sindinawatsatire, ndipo chonde musayese. Galimoto zamakono zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi muli mu giya, pomwe pa N injini imamwabe, ndipo mabuleki amatentha msanga mukasenza katundu.