Wosewera akulowa m'khoma posintha nthawi, ndipo nkhondo yafewa kwambiri: tithandizeni maganizo

Wokonza magawo:

Akuluakulu ndi anzanga pa ntchito ino, ndabwera ndi vuto limene latisowetsa tulo kwa milungu itatu. Gulu lathu ndi la anthu asanu, ndipo tikupanga pa Unreal Engine, pulogalamu yopangira magemu, gemu yowomberana imene wosewera amaona zonse ndi maso a munthu wonyamula mfutiyo. Chimene tikudalira kuti chidzakopa anthu ndi batani limodzi lochotsa wosewera m'nyumba yofufuzira za sayansi monga ilili lero, itagumuka ndi kumera zitsamba, n'kumuika m'nyumba yomweyo zaka 30 zapitazo, magetsi akuyaka ndipo alonda ali pa ntchito.

Vuto loyamba n'lakuti wosewera akaima pamene lero pali bowo koma kale panali khoma, akadina batani amapezeka ali m'kati mwa khomalo, ndipo nthawi zina amagwera kunsi kwa dziko osalekeza. Posinthapo chithunzi chimaimanso pafupifupi theka la sekondi chifukwa gawo linalo timaliwerenga kuchokera pa disiki. Lachiwiri ndilo likundiwawa kwambiri. Oyesa athu azindikira kuti akangovulazidwa angathe kuthawira ku nthawi ya lero kumene kulibe mdani, n'kudikira kuti mphamvu zibwerere, kenako n'kudzatulukira kumbuyo kwa mlonda. Dzulo ndinaima kumbuyo kwa woyesa wina ndikumuona akumaliza, osakandika pena paliponse, chipinda chimene ndinachikonza kwa sabata yathunthu, ndipo atamaliza anayasamula.

Wolemba mapulogalamu:

Achimwene, la kuima kwa chithunzi ndiyambe nalo chifukwa ndi losavuta. Gemu yoyenda pa mafulemu (zithunzi zotsatizana) 60 pa sekondi imakupatsani mamilisekondi osakwana 17 pa fulemu iliyonse, choncho palibe chimene mungawerenge pa disiki wosewera osazindikira. Musawerenge kalikonse pa nthawi yosintha. Mangani nyumba ziwirizo m'mapu amodzi, ina pamwamba pa inzake motalikirana ndi mtunda wodziwika, ndipo batani lija lingowonjezera kapena kuchotsa mtundawo pa malo amene wosewera waima, kusiya liwiro lake ndi kumene akuyang'ana monga zinalili. Umu ndi mmene a kampani ya Respawn Entertainment anamangira gawo la Effect and Cause mu Titanfall 2 ya 2016, ndipo n'chifukwa chake munthu amatha kusintha nthawi ali m'malere, akuthamanga pakhoma, osamva kudukiza.

Mtengo wake ndi memori, popeza nyumba zonse ziwiri zikhala zotsegula nthawi imodzi. Samalaninso ndi zinthu zimene zimadontha kuchoka ku nyumba ina kupita ku inzake: dzuwa la nyumba yapamwamba limatha kuponya mthunzi pa yapansi, ndipo alonda amene munawapatsa makutu akutali amamva mfuti imene yalira zaka 30 kutsogolo kwawo. Ine zinandichitikirapo, ndinataya masiku awiri ndikufufuza chimene chinkachititsa adani kuthamangira pakona yopanda munthu.

Za khoma, musanamusamutse wosewera yesani kaye ngati capsule yake, kachimango kosaoneka koimira thupi lake, ikukwana pamalo atsopanowo. Ikagunda kanthu, fufuzani malo opanda kanthu pafupi, osapitirira theka la mita, n'kumukankhira pamenepo. Akasowa, kanani kusinthako ndipo mumuuze ndi kaphokoso komveka bwino.

Wojambula malo:

Ndikugwirizana nazo zonsezo, koma ndikuona kuti kukana kusintha ndi mankhwala ongoletsa ululu pamene nthenda ili m'mamangidwe. Wosewera amene wadina batani zipolopolo zikumuwira m'makutu, gemu n'kumukana, sadzaganiza za khoma limene sakuliona, adzangoti gemuyo ndi yowonongeka. Ndikuganiza kuti nyumba ziwirizi zinajambulidwa ndi anthu awiri, aliyense payekha. Ngati ndi choncho, bwererani ku mabokosi otuwa oimira makoma ndi pansi amene munayambira nawo, mumange chimango chimodzi cha pansi, masitepe ndi zipilala chimene nthawi zonse ziwiri zizigawana, ndipo kusiyana kukhale m'zinthu zowerengeka zimene mwazisankha dala, monga chitseko chokhoma chimene lero chinathyoka, kapena denga limene linagwa n'kusanduka mlatho. Pamene khoma linagwa, siyani chitsa chake chofika m'mawondo, kuti wosewera asathe kuimapo ndiponso maso ake amuuze kuti kale panali chinthu.

Dishonored 2, ngakhale si yowomberana kwenikweni, inathetsa nkhaniyi mwa njira ina m'gawo la A Crack in the Slab. Chipangizo cha wosewera chili ndi magalasi amene amamuonetsa nyumba imene ali m'kati mwakeyo monga ilili m'nthawi inayo asanadumphe. Ndi njira yokoma zedi, koma imafuna kuti makina ajambule dziko kawiri pa fulemu imodzi, ndipo gulu la anthu asanu liyenera kuwerengera bwino lisanailowe.

Wokonza zida ndi adani:

Pa vuto lachiwirilo, bwanji osangoika malire? Batani likadinidwa lidikire masekondi asanu kapena kuposerapo lisanagwirenso, kapena lizidya mphamvu imene imatha. TimeShift ya 2007 inachita chimodzimodzi ndi mphamvu zake zochedwetsa, zoimitsa ndi zobweza nthawi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Woyesa magemu:

Pepani akulu, pamenepa ndiye ndikutsutsani ndithu. Ndakhala ndikuyesa magemu kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mukamupatsa munthu chidole chokoma kenako n'kumumanga manja, amayamba kuchisunga m'thumba kuopa kuti chingadzamuthere pa nthawi yovuta, mapeto ake amasewera gemu yanu ngati yowomberana wamba. Malirewo sachotsanso kubisala, amangokutalikitsa, chifukwa wothawira ku malo opanda mdani adzakhala komweko masekondi asanuwo mosatekeseka.

Woyesa amene anayasamula uja sanalakwe, anakuonetsani kuti nthawi yanu ya lero ndi chipinda chopumira. Mu Effect and Cause mulibe mbali yotetezeka. Kale kuli asilikali a gulu la adani la IMC okhala ndi mfuti, lero kuli zilombo zotchedwa Prowler zimene zimakulumphira pafupi, kuli moto ndi malo ogumuka, kotero kuti kudina batani ndi kusinthanitsa ngozi ina ndi inzake. Apa ndi pamene pagona kukoma konse kwa magemu a mtundu umenewu, ndipo ngozi ziwirizo ziyenera kusiyana khalidwe. Ngati alonda akale amakukakamiza kubisala kuseri kwa chinthu, cha lero chizikukakamiza kuyenda osaima.

Ndikuchenjezeninso za kufooka kwina kumene ndakuona kawirikawiri. Singularity ya Raven Software, ya 2010, inali ndi maganizo abwino kwambiri, chilumba cha Katorga-12 pakati pa 1955 ndi 2010 ndi chida chokalambitsa kapena kubwezeretsa zinthu, koma chidacho chinkagwira pa zinthu zosankhidwa zokha monga masitepe ndi mabokosi ena, ndipo kudumpha kwa zaka kunkachitika pamene olemba nkhani afunira. Sipankatenga nthawi kuti munthu azindikire kuti wanyamula kiyi wa zitseko zina chabe. Inu mwamupatsa wosewera ufulu wodina paliponse, ndipo chimenecho ndi chuma chanu, musachichepetse. Funso limene ndingakufunseni n'lakuti, mukufuna kuti batanili linyamule maola angati? A Respawn analigwiritsa ntchito m'gawo limodzi lokha n'kulichotsa anthu asanatope nalo.

Wokonza magawo:

Zikomo kwambiri nonse. Achemwali ojambula malo, mwalasa penipeni, nyumbazo tinazijambuladi anthu awiri, ndipo titaziika pamodzi tinapeza kuti masitepe ena anasiyana pafupifupi mita yathunthu. Tamanganso chimango chimodzi, tasanjikiza mapu monga mwatilangizira, ndipo kuima kwa chithunzi kwatha. Malire a batani sitinaike. M'malo mwake taika m'nthawi ya lero nyama zosaka ndi makutu zimene zimabwera munthu akaima malo amodzi, ndipo woyesa yemwe uja wafa katatu m'chipinda chija lero m'mawa n'kupempha kuti ayesenso. Pa funso la maola, tinkafuna gemu yonse, koma tsopano tikukambirana zoti chimene batani limachita chizisintha magawo akamapita.

Chatsala ndi ichi: alonda amene wosewera wawasiya m'nthawi inayo aziuma pomwepo kapena azipitiriza kuyenda? Tikawaumitsa, kuwazembera kumbuyo kukhalabe kosavuta. Tikawasiya ayende, oyesa akudandaula kuti akubwerera m'kamwa mwa mfuti popanda chenjezo.

Wolemba mapulogalamu:

Asiyeni ayende, achimwene, koma asadziwe kumene wosewera wapita. Munthu akazimiririka pamaso pawo, apite pamalo pamene anamuona komaliza, ayang'ane uku ndi uku, mmodzi atembenukire kumbuyo kutchinjiriza anzake. Navmesh, mapu osonyeza pamene adani angayende, ikhale yakeyake pa nyumba iliyonse, ndipo amene ali kutali ndi pamene wosewera angatulukire muwachepetsere kawerengedwe ka maganizo awo kuti purosesa ipume.

Dandaulo la oyesalo ndi loona, ndipo yankho lake ndi lotsika mtengo kuposa magalasi a Dishonored 2. Titanfall 2 imasiya kuwala kwa buluu kosonyeza pamene pali adani a nthawi inayo, ndipo inu mungachite zofanana pongotenga malo a mlonda aliyense, kuchotsapo mtunda uja, n'kuikapo kachizindikiro kozimiririka pakapita masekondi awiri kapena atatu. Muwonjezerenso kuti mlonda asawombe m'kagawo kochepa ka sekondi wosewera atangotulukira, ngati munthu amene wadzidzimuka. Muyambe ndi kotala ya sekondi, mujambule vidiyo ya oyesa atatu akusewera chipinda chomwecho, ndipo muitumize kuno tidzaone ngati ikufunika kuwonjezera.