Mankhwala amene anasiya malemu bambo anga, ndiwataye bwanji?

Mayi wa ku Chibavi:
Bambo anga anatisiya miyezi iwiri yapitayo atadwala nthawi yaitali matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pokonza m'chipinda mwawo ndapeza jumbo yodzaza mankhwala: mapiritsi a BP, metformin, timabotolo tiwiri ta insulin, majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito, makapusozi a amoxicillin ndi chipangizo chopopera mankhwala a mphumu. Dzulo ndinapeza mwana wanga wa zaka 3 atasolola jumboyo kunsi kwa bedi, akuwerenga mapiritsi ngati maswiti. Azakhali akuti ndiponye zonse m'chimbudzi chokumba, pomwe mayi wina woyandikana nafe, amenenso amadwala BP, wapempha kuti ndimupatse. Ndithandizeni maganizo.

Wogwira ntchito ku famase:
Pepani ndi maliro, mayi. Choyamba, mayi oyandikana nanuwo musawapatse ngakhale piritsi limodzi, chifukwa mankhwala a BP ali mitundumitundu ndipo dokotala amasankha mtundu ndi mlingo atayeza munthu, kuphatikizapo mmene impso zake zikugwirira ntchito. Mankhwala amene ankathandiza bambo anu akhoza kugwetsa munthu wina ndi chizungulire. Insulin ndiye ndi yoopsa koposa, pakuti ikatsitsa shuga mopitirira muyezo munthu amakomoka.

Chimbudzi nachonso ayi, makamaka ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, kumene madzi ali pafupi ndi nthaka ndipo nthawi ya dzinja zimbudzi zina zimasefukira. Chimene chasungunuka m'dzenjemo chimayenda pansi mpaka pa zitsime zosazama zimene anthu amatungapo, kenako m'mitsinje yonga Lunyangwa. Mankhwala ngati amoxicillin akamapezeka pang'onopang'ono m'madzi ndi m'dothi, tizilombo toyambitsa matenda timawazolowera, ndiye tsiku limene mwana wadwala chibayo mankhwala omwewo amakanika kugwira ntchito.

Tengani zonse zili m'mapaketi awo, mupite nazo ku famase ya chipatala chimene bambo ankalandirako mankhwala, mufunse wamkulu wa pamenepo. Zipatala zimasonkhanitsa mankhwala otha mphamvu n'kuwawononga motsatira ndondomeko za bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019.

Bambo wa ku Zolozolo:
Malangizowa ndi abwino, koma ndinene zimene ndinakumana nazo. Mkazi wanga atasinthidwa mankhwala, ndinapita ndi otsalawo pa chipatala china chaching'ono, ndipo amene ndinamupeza pawindo anangoti iwo salandira za kunyumba. Ndinabwerera nawo, n'kukawaponya pamoto wa zinyalala kuseri kwa nyumba. Utsi wake unali wakuda ndi wonunkha moti tinathawira m'nyumba, ndipo mawa lake ndinapeza mapiritsi ena ali bwinobwino m'phulusa, nkhuku zikupalasa pomwepo. Kodi wobwezedwa ngati ine atani?

Wogwira ntchito ku famase:
Bambo, moto wa padzala sufika pa kutentha kwa ng'anjo zowotchera mankhwala, n'chifukwa chake munaona zimenezo; ndipo chipangizo cha mphumu chija chikalowa pamoto chimaphulika. Mukabwezedwa pawindo, pemphani kuonana ndi woyang'anira chipatalacho kapena yesani chipatala chachikulu. Zikakanika ndithu, chotsani mapiritsi m'mapaketi osawaphwanya, muwasakanize ndi dothi lonyowa kapena masamba a tiyi ogwiritsidwa kale ntchito kuti asakope mwana kapena galu, muwatsekere m'chigubu cholimba, ndipo chigubucho chipite ndi zinyalala zotoledwa, osati padzala la pakhomo. Pepala lokhala ndi dzina la wodwala ling'ambeni. Majakisoni okha asalowe m'njira imeneyi: aikeni m'botolo lolimba la pulasitiki lokhala ndi chotsekera, musavutike n'kubwezeretsa tizivindikiro pa singano chifukwa ambiri amadzibaya pomwepo, ndipo mukawasiye kuchipatala.

Mlimi wa ku Luwinga:
Ndiwonjezeko za ziweto, poti ifenso alimi timasunga mabotolo a mankhwala pamwamba pa khola mpaka zolemba zake kufufutika. Ku India, miimba inatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1990 chifukwa chodya mitembo ya ng'ombe zobayidwa diclofenac, mankhwala omwewo amene ife timamwa tikamamva kuphwanya m'thupi, ndipo boma la kumeneko linaletsa kuwagwiritsa ntchito pa ziweto mu 2006. Paracetamol imene timaiyesa yofatsa imapha mphaka.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse. Jumbo ija ndaikhomera m'sutikesi pamwamba pa kabati, majakisoni ndawaika m'botolo la mafuta ophikira, ndipo Lolemba ndipita nazo kuchipatala pamodzi ndi buku la kuchipatala la malemu. Mayi oyandikana nane aja avomera kuti tipitire limodzi akayezetse BP, ngakhale poyamba anaoneka okhumudwa.