Mbande tinagawa, maphunziro tinachita, koma mminda mulibe mitengo

Mlangizi watsopano, Mitundu:
Akuluakulu mwaswera bwanji mu gulu muno. Ndithandizeniko nzeru chifukwa mutu waima. Januwale yapitayi tinagawa mbande za gilisidiya ndi msangu ku makalabu atatu a mu sekishoni yanga, zinabwera ndi pulojekiti ina yake, maphunziro tinachita kawiri konse pa bwalo la amfumu ndipo anthu amayankha bwino zedi, ukangofunsa kuti msangu umathandiza chani aliyense amakuuza kuti umabwezeretsa chajira. Nde dzulo ndayenda mminda ndi mlimi wachitsanzo kuti tiwerenge mitengo yomwe yapulumuka, eeh zandiwawa. Munda wina tapeza machubu ali mulu pambali pa chulu, mbande zinaumira momwemo sanadzale nkomwe. Kwina tizitsa tokhatokha, pamwamba podyedwa. Ndikuganiza zobwereza maphunziro mu Novembala mvula isanagwe, kaya ndiwonjezere masiku? Mumatani anzanga kwanuko?

Mlangizi, Malingunde:
Achimwene pepani, zimawawa zimenezo tonse tinadutsamo. Koma musanabwereze maphunziro ndikufunseni kaye, munda munapeza machubuwo ndi wandani? Sindikunena amene amalima, ndikunena mwini wake.

Mlangizi watsopano, Mitundu:
Amalima bambo wina wa mu kalabu, amabwera pa msonkhano uliwonse. Za umwini sindinafunse madam.

Mlangizi, Malingunde:
Kafunseni. Kuno kwathu kwa Achewa abambo ambiri ali pa chikamwini, munda ndi wa kwa mkazi, nde munthu amawerengera mumtima kuti msangu uyamba kundithandiza patapita zaka zambiri, olo khumi, nanga banja likatha kapena mayiwa akatisiya ine sindibwerera kwathu chimanjamanja? Pa msonkhano sanganene zimenezo, alandira mbande mwaulemu, akuthokozani, basi. Wina ndi wa munda wobwereka, walipira chaka chimodzi chokha, ndipo eni munda ambiri safuna wobwereka adzale mtengo chifukwa mtengo umaoneka ngati chizindikiro choti munthu akufuna kulanda malo. Ine ndinasiya kulemba maina a olandira mbande osadziwa kaye kuti munda ndi wandani, ndipo pomwe pali chikamwini ndimaonetsetsa kuti mayi alipo, nthawi zina ndi malume omwe.

Mlangizi wamkulu, Ukwe:
Amayi anena zoona. Ine ndiwonjezere za tizitsa todyedwato. Mwana wanga, imeneyo ndi mbuzi, ndipo mbuzi simaphunzitsika pa bwalo. Anthu akangomaliza kukolola ziweto amazimasula, kuyambira cha mu Juni mpaka mvula itagwa zimayenda paliponse, ndiye kamtengo kakang'ono mu Okutobala ndi chinthu chokhacho chobiriwira mmunda monse, mukuganiza mbuzi ipita kuti. Nchifukwa chakenso nandolo wochedwa kucha amavuta kuno kusiyana ndi kummwera. Kenako anyamata osaka mbewa aotche mapesi, chiswe chimalize zotsalazo. Mlimi zonsezi amazidziwa kuposa ife, nde akaona kuti mphamvu zake zithera mkamwa mwa mbuzi za neba, amangosiya.

Nkhani imeneyi ndi ya amfumu. Pitani kwa nyakwawa, ngati nkotheka kwa gulupu, mukhale pansi ndi komiti ya zachilengedwe ya mmudzi agwirizane okha lamulo la ziweto ndi moto, chindapusa atchule okha, inu musawatchulire. Lamulo lobwera ndi mlangizi limatha tsiku lomwe mlangizi wasamutsidwa.

Wa zankhalango, mbali ya Dzalanyama:
Ndilowepo pa msangu penipeni. Mbande munalandira zinali zazikulu bwanji? Ndikufunsa chifukwa msangu umathamangitsa muzu pansi kuposa kukula mmwamba, ukakhalitsa mu chubu muzu umaboola nkulowa mu dothi la pa nazale kapena umapindikira momwemo, nde pozula mumaudula ndipo ukafika kumunda umangokhala pompo osakula, chilimwe chikabwera wapita. Bola kufesa mochedwerako, cha kumapeto kwa Okutobala kapena Novembala, machubu muwaike pa thandala kuti muzu ukatulukira pansi uziuma wokha ndi mphepo. Njere zake ndi zolimba khungu, muziteme pang'ono mbali imodzi ndi chowengera zikhadabo musanafese apo ayi zimera mwa apo ndi apo. Kumunda mamita 10 mbali zonse, ndi mitengo 100 pa hekitala, ndipo pa mtengo uliwonse pakhale chikhomo chachitali chifukwa waganyu popalira kapena pobandira sawona kamtengo kakang'ono ngati kameneko, amangodula.

Chinanso chomwe ndimadandaula, nyengo yodzala mitengo mdziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma mtengo wodzala mu Malichi kuno ku Lilongwe ndi wongojambulitsa basi, mizu sinagwire mvula yatha. Mudzale mvula ikangokhazikika.

Mlangizi watsopano, Mitundu:
Zinali zazitali ndithu bwana, zina kufika mbondo, ndipo tinagawa kumapeto kwa Januwale. Ine ndimaona ngati zazikuluzo ndiye zabwino.

Mlangizi, Nathenje:
Aise usadandaule, ambiri timaganiza choncho poyamba. Ine langa ndi ili, unawafunsa kuti akufuna mtengo wanji? Chifukwa ife timapita ndi nkhani ya nthaka pomwe mlimi wa fodya mutu wake uli pa milimo ya chigafa ndi mikangala, amayi akuganiza nkhuni, agogo akufuna mango ndi mapapaya a adzukulu. Taona mminda yonse ya kuno, mango aliponse, anawaphunzitsa ndani kusiya mango? Palibe. Amausamala chifukwa phindu lake amaliona ndi maso. Gilisidiya ukamugulitsa ngati feteleza yekha anthu amamuyerekeza ndi thumba la yureya lomwe ukathira lero sabata ya mawa chimanga chabiriwira, ndiye amaluza mpikisano, sinanga iye amafuna zaka ziwiri zitatu kuti munda uyambe kusintha. Koma ukawauza kuti pokudulira mupezanso nkhuni pakhomo osapita kutali, amayi amatchera khutu.

Ndipo tisabise, gilisidiya ndi ntchito. Kumudula cha mmunsi, kupulula masamba, kukwirira mmizere, ndipo kudulako kumabweranso nthawi yomwe munthu ali kalikiliki ndi kupalira, mwezi wa njala, ena ali ku ganyu. Ukapanda kudula amaphimba chimanga nde mlimi amati mtengo wanuwu wandiphera mbewu. Ku Makoka ku Zomba anayesa gilisidiya ndi chimanga zaka zambiri zotsatizana ndipo zokolola zinakwera, nzoona, koma kumeneko kudula kumachitika pa nthawi yake. Nde munthu ayambe ndi kachigawo kakang'ono, mizere khumi, aone yekha kusiyana ndi mbali inayo. Amene akufuna zachangu mpatse ombwe, kachitsamba kobwezeretsa chajira, afese mu chimanga, mbuzi siziukonda kwenikweni ndipo masamba ake amathandizanso kupha tizilombo.

Mlangizi wamkulu, Ukwe:
Pali njira ina yomwe sifuna chubu olo chimodzi ndipo ine ndi imene ndimayambira masiku ano. Mminda yambiri muli zitsa zamoyo, chitimbe, mpakasa, mthethe, chaka chilichonse zimaphukira ndipo chaka chilichonse pososa amazidula nkuotcha. Mlimi angosankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa, zinazo achotse, azitengulira. Mizu ilipo kale yakuya nde chilimwe sichiopsa, mbuzi ikadya imaphukanso. Ku Niger njira imeneyi inabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni kuyambira mzaka za mma 1980, dziko louma kuposa lathu. Ngakhale msangu umene, yendani mmunda momwe anathira manyowa a mkhola, mupeza timisangu tomera tokha chifukwa ziweto zimadya nyemba zake njere nkutuluka ndi ndowe zitafewa kale. Agogo ena anandionetsa okha zimenezi ndili mnyamata pa ntchito, anandigwira dzanja mpaka pansi pa msangu wawo waukulu mu Febuluwale, mtengo uli mbee wopanda tsamba, chimanga cha pansi pake chakuda bii mapesi onenepa, cha patali pang'ono chachikasu. Anati uwu anausiya ndi amayi anga. Sanapiteko ku maphunziro aliwonse.

Mlangizi, Malingunde:
Ndipo anthu otere alipo mudzi uliwonse achimwene. Mmalo mwa maphunziro a pa bwalo, mupeze munda umodzi wa msangu waukulu mu sekishoni yanu, mu Febuluwale mutengere kalabu kumeneko, mwini munda ayankhule yekha inu mungokhala chete. Za lipoti lembani zomwe mwapeza, nambala yeniyeni ya yomwe yapulumuka ndi zifukwa zake. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndiye tikamalemba mbande zogawidwa ngati mitengo tikudzinamiza tokha.

Mlangizi watsopano, Mitundu:
Ndabwerera ku munda uja mmawa uno. Madam munalondola, bambo aja ndi mkamwini, ndipo mayi akunyumba akuti sanauzidwe nkomwe kuti kwabwera mbande, akanadziwa akanadzala mmalire chifukwa nkhuni akumagula. Andionetsanso zitsa zinayi za chitimbe zomwe zaphukira, tasankha limodzi mphukira zosiya tamangapo tinsanza kuti ana asadule pososa. Kwa amfumu ndapita, akuti tikumane Lachinayi ndi eni mbuzi onse. Bwana a zankhalango, njere za msangu ndingazipeze kuti zabwino, kapena ndingotola pansi pa mtengo?

Wa zankhalango, mbali ya Dzalanyama:
Tolani pansi pa mitengo ingapo yathanzi osati umodzi, mufulumire mbuzi zisanakutsogolereni, musankhe zopanda mabowo a anankafumbwe. Mukasowa mundiuze Lachinayi lisanafike, ndili nazo pang'ono mu botolo ndikupatsirani wa minibasi.