Sukulu za Methodist ku England: mwana agonere konko kapena aziyendera?

Mayi_wa_Year8

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino sukulu za Methodist zoyima pazokha za kuno ku England, zija zimalandira ana oyendera komanso ogonera konko. Mwana wanga akuyenera kulowa Year 9, kalasi ya ana a zaka 13 mpaka 14, mu September. Timabuku tawo tonse timanena zofanana, zoti maphunziro ndi apamwamba ndipo masewera ndi ambirimbiri. Koma tsiku la mwana limayenda bwanji kwenikweni? Masewera ndi zoimbaimba sizimudyera nthawi yowerenga? Komanso ife si a Methodist, kodi zimenezo zingavute?

Aphunzitsi_a_Sayansi

Mayi, Year 9 ndi pabwino polowera chifukwa mwana amapeza chaka chozolowera asanalowe m'zaka ziwiri zokonzekera mayeso akuluakulu otchedwa GCSE, zomwe ndi Year 10 ndi 11. Koma musachione ngati chaka chopumira. Sukulu zambiri zimayamba silabasi ya sayansi ya GCSE mu Year 9 momwemo, ndipo ndi chaka chomwecho chimene mwana amasankha maphunziro oti adzalembe.

Ana ambiri amalemba maphunziro 9 kapena 10. Chingerezi, masamu ndi sayansi sasankha ayi, amatenga aliyense. Magiredi amayambira pa 9, yemwe ndi wapamwamba, kutsika mpaka 1. Pa sayansi pali njira ziwiri: Combined Science, yomwe imawerengedwa ngati ma GCSE awiri, kapena Biology, Chemistry ndi Physics paokhapaokha. Funsani kuti amene amagamula njira ya mwana ndani, ndipo amagamula liti, chifukwa kawirikawiri zimatengera gulu limene amuika pambuyo pa mayeso a m'kalasi.

Pamene makolo ambiri amadzidzimukira ndi ku Year 12. Ku A level, maphunziro otsatira GCSE a mu Year 12 ndi 13, mwana amatenga maphunziro atatu nthawi zambiri, ndipo sukulu imafuna giredi 6 kapena 7 ya GCSE pa phunziro limene akufuna kupitiriza. Mafomu a yunivesite kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomuwa, amapita mwana asanalembe mayeso omaliza. Ofuna udokotala, kapena Oxford ndi Cambridge, amatumiza pofika 15 October wa Year 13, ndiye magiredi amene aphunzitsi amalosera amachokera kwambiri pa ntchito ya Year 12. Mwana akachita chibwana chaka chimenecho poganiza kuti mayeso akadali kutali, khomo limatsekeka iye asanadziwe.

Woyang'anira_Hositeli

Ndiyankhe za tsiku. Nthawi zimasiyana pang'ono sukulu ndi sukulu, koma dongosolo lake ndi ili. Ogonera amadzuka cha m'ma 7 koloko, kadzutsa, kenako kuitana mayina kwa mphunzitsi wowayang'anira isanakwane 8:30. Makalasi amatha cha m'ma 4 koloko. Kuchoka apo pali ola limodzi kapena kupitirira la masewera ndi makalabu, chakudya chamadzulo cha m'ma 6, kenako prep, yomwe ndi homuweki yolembedwa mwakachetechete wamkulu ali pompo. Wa Year 9 amachita prep ola limodzi kapena ola ndi theka. Mafoni a ana aang'ono amasonkhanitsidwa asanagone, magetsi n'kuzimitsidwa cha m'ma 9:30.

Tsopano muyerekeze ndi woyendera. Akatsala pa masewera amatuluka pageti cha m'ma 5:30 kapena 6. Ngati basi imatenga mphindi 45, homuweki aziyamba itadutsa 7:30 atatopa kale, ndipo nyengo yozizira kunja kumakhala kutada kuyambira 4 koloko. Ine ndimati ulendo ukaposa mphindi 40 mbali imodzi, ganizirani zoti azigonera masiku ena.

Kugonera kuli mitundu itatu: full boarding, yomwe mwana amakhala teremu yonse, weekly, yomwe amapita kwawo kumapeto a sabata, ndi flexi, yomwe amagona masiku awiri kapena atatu pa sabata. Funso lofunika kuposa onse mukapita kukaona sukulu ndi ili: Loweruka usiku mu hositeli ya msinkhu wa mwana wanga mumagona ana angati? Musalole akuyankheni ndi chiwerengero cha ogonera onse. Sukulu ikhoza kukhala ndi ogonera ambiri pa pepala, koma ngati ochuluka ndi a weekly, Lachisanu madzulo hositeli imatsala pululu, ndipo mwana wotsalayo ndi amene amayamba kusungulumwa n'kumangokhalira foni. Funsaninso ngati anzake oyendera amaloledwa kudya nawo madzulo ndi kuchita nawo prep. Kumene zimenezi zimaloledwa, ana sagawikana magulu awiri.

Chaka chili ndi materemu atatu, ndipo pakati pa teremu iliyonse pali tchuthi cha half-term cha sabata imodzi, mwinanso ziwiri mu October. Sukulu zina zilinso ndi ma exeat, kumapeto a sabata kumene hositeli imatsekedwa. Makolo amene ali kunja kwa dziko amayenera kukhala ndi guardian wa ku UK wodzamutenga mwana nthawi zimenezi. Muwerengenso lipoti la sukuluyo lochokera ku Independent Schools Inspectorate, bungwe loyendera sukulu zoyima pazokha, makamaka gawo la ogonera. Limapezeka pa intaneti kwaulere.

Mayi_wa_Year8

Zikomo kwambiri, za Loweruka usiku sindikanaziganizira. Nanga zakunja kwa kalasi, angatenge zingati osasokoneza maphunziro?

A_Kwaya

Mayi, vuto si kuchepa kwa zochita, ndi kuchuluka kwake. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zinthu zitatu zakwana: masewera amodzi pa teremu, chida chimodzi choimbira kapena zisudzo, ndi Duke of Edinburgh's Award, pulogalamu ya mphotho kwa achinyamata ya masitepe atatu: Bronze, Silver ndi Gold.

Masewera amasintha ndi teremu. M'sukulu zambiri anyamata amayamba ndi rugby, kenako hockey kapena mpira wamiyendo, n'kumaliza ndi cricket. Atsikana amayamba ndi hockey, kenako mpira wamanja, kenako tennis, cricket kapena zothamanga. Mipikisano yambiri imachitika Loweruka, ndipo woyendera akasankhidwa mu timu amayembekezeka kubwera, choncho Loweruka la banja lonse limapita.

Pa zoimba, phunziro la chida limakhala la mphindi 30 kapena kuposerapo pa sabata, ndipo limalipiridwa padera. Kwa ana aang'ono limachitika nthawi ya makalasi, koma ola lake limasinthasintha kuti asamaphonye phunziro lomwelomwelo. Zida zikakhala ziwiri ndiye kuti makalasi awiri aphonyedwa sabata iliyonse, ndipo kukopera manotsi kwa anzake ndi udindo wa mwana. Apa ndi pamene masamu amayamba kutsika mwakachetechete. Mayeso a zoimba a bungwe la ABRSM amayambira giredi 1 mpaka 8, ndipo pa mayeso oimba pamaso pa woyesa, mwana safika giredi 6 asanakhoze giredi 5 ya theory (mayeso olemba a malamulo a nyimbo) kapena chofanana nayo. Ayambe theory msanga, asadzaiphatikize ndi GCSE.

Duke of Edinburgh imayambira pa Bronze mu Year 9. Ili ndi magawo anayi: kudzipereka kuthandiza ena, zolimbitsa thupi, luso, ndi ulendo wa masiku awiri wogona mu tenti usiku umodzi. Ulendo wa Silver ndi masiku atatu, wa Gold ndi masiku anayi kuphatikizapo gawo lachisanu lokakhala kwina masiku asanu. Ana ambiri salephera pa ulendo ayi. Amalephera chifukwa sanalembe umboni wa sabata ndi sabata komanso sanapeze wowasainira, mpaka chaka kutha. Nsapato zoyendera muzigule mwezi wathunthu ulendo usanachitike kuti azizolowere, apo ayi matuza amubweza panjira.

Mlaliki_Wamba

Za chipembedzo musade nkhawa, mayi. Ana a Methodist enieni amakhala ochepa m'sukulu zimenezi, ndipo amalandira a mipingo ina, a zipembedzo zina ngakhale osapemphera. Chimene sangathawe ndi mwambo wa mu chapel, kamodzi kapena kangapo pa sabata: nyimbo, zambiri za Charles Wesley, mmodzi mwa oyambitsa mpingo wa Methodist, mawu a m'Baibulo ndi uthenga waufupi. Amatsogolera ndi chaplain, yemwe nthawi zambiri amakhala m'busa wa Methodist, ndipo ntchito yake ina ndi kumvetsera ana amene ali ndi nkhawa kapena aferedwa. Funsani ngati ogonera amakakamizidwa kupita Lamulungu, komanso ngati angaperekezedwe ku tchalitchi cha mpingo wawo.

Mwambowu ndi wakale. John Wesley, m'bale wake wa Charles komanso woyambitsa mpingowu, anatsegula Kingswood School mu 1748 pafupi ndi Bristol, ndipo lero ili ku Bath. Malamulo ake oyamba anali okhwima zedi, ana ankadzuka 4 koloko m'mamawa ndipo nthawi yosewera kunalibe. Pambuyo pake kunabwera sukulu zina za Methodist, monga Woodhouse Grove mu 1812 ndi The Leys ya ku Cambridge mu 1875.

Ndionjezere za ndalama popeza sizinatchulidwe. Kuyambira 1 January 2025 fizi ya sukulu zoyima pazokha ili ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti, ndiye funsani ngati mtengo akuuzaniwo waphatikiza kale msonkhowo. Yunifolomu, maulendo, maphunziro a zida, ndipo kwina ndalama za mayeso, zimabwera padera. Scholarship imaperekedwa poona luso ndipo nthawi zambiri imachotsa gawo lochepa chabe. Bursary ndi imene imayang'ana zimene banja limapeza, ndipo iyenera kupemphedwa pamodzi ndi malo, osati mwana atalowa kale. Mukadzafuna kumuchotsa, kapena kumusintha kuchoka pa ogonera kupita pa oyendera, lembani kalata teremu yathunthu isanafike nthawiyo. Mukachedwa ngakhale ndi tsiku limodzi, angakulipiritseni fizi ya teremu yotsatirayo.