Being Human ya BBC: bokosi lonse kapena masizoni atatu okha?

Nachisale: Abale, bokosi la ma DVD a sewero la pa TV la Being Human, masizoni onse asanu, ndigule kapena ndalama ingopita pachabe? Ndikunena ija ya BBC Three, ya 2009 mpaka 2013.

Phiri: Gulani achemwali. Atatu akukhala nyumba imodzi ya lendi ku Bristol: Mitchell woyamwa magazi, George amene amasanduka mmbulu mwezi ukakhala wathunthu, ndi Annie, mzukwa wa mtsikana amene anafera pamasitepe a nyumba yomweyo. Anyamatawo amakankha odwala pachipatala. Kukoma kwake kuli m'khitchini, osati pa zoopsazo. Annie amangokhalira kupanga tiyi woti iye sangamwe, makapu mbwee nyumba yonse. Ludzu la magazi la Mitchell, mlembi wa seweroli Toby Whithouse analilemba ngati la chidakwa chosiya mowa chomwe anzake akale sakuleka kuchiitanira, ndipo woitanayo, Herrick, mtsogoleri wa oyamwa magazi, ndi wapolisi womwetulira amene amaopsa kuposa mmbulu.

Mbewe: A Phiri, mwabisa mbali ina. Magawo alipo 36: sizoni yoyamba 6, zitatu zotsatira 8 iliyonse, yomaliza 6, gawo lililonse pafupifupi ola. Koma Aidan Turner, wosewera Mitchell, anachoka kumapeto kwa sizoni yachitatu, Russell Tovey (George) m'gawo loyamba la yachinayi, Lenora Crichlow (Annie) kumapeto kwa yachinayi yomweyo. Pofika yachisanu, mwa atatu aja palibe watsala. Gulani zitatu zoyamba basi.

Nachisale: Iii a Mbewe, mwandiululira zonsetu!

Nambewe: Sanakuuzeni mmene amachokera, musadandaule. Koma zoti zotsalazo n'zotaya ndakana. Hal, woyamwa magazi amene amaseweredwa ndi Damien Molony, wakhala zaka zoposa 500, ndipo ludzu amaliletsa ndi ndondomeko: kuimika madomino, kukolopa, chilichonse pa nthawi yake. Mumuike pamodzi ndi Tom, mnyamata wosanduka mmbulu wokulira m'nkhalango, azigulitsa chakudya mu kafe, muona kuseka kwake. Chofooka m'sizoni yachinayi ndi nkhani ya ulosi wonena za Eve, khanda la George. Akuluakulu a oyamwa magazi amatchulidwa sizoni yonse, koma amafika kumapeto kwenikweni, nkhani n'kutha msangamsanga.

Phiri: Vuto lina ndi ndalama zochepa zomwe anapangira. Kusanduka kwa George kumagwira mtima, mafupa akuthyoka, msana ukupindika, iye akukuwa. Koma mmbulu ukatuluka wonse umaonekeratu kuti ndi munthu wavala chikopa, n'chifukwa chake kamera imaubisa mumdima. Komanso ana asaonere. Chakumapeto kwa sizoni yachiwiri Mitchell ndi Daisy, woyamwa magazi mnzake, amapha anthu 20 m'sitima ya pamtunda, ndipo mlandu umenewo ndiwo umasenza sizoni yachitatu, atasamukira ku Barry, ku Wales. Kwa ine yachitatuyo ndiye pachimake.

Mbewe: Musanalipire onani chikuto. Pali ina ya dzina lomweli ya pa kanema wa Syfy, ya 2011 mpaka 2014, nkhani yake ili ku Boston, magawo 52. Mukaona mayina a Aidan, Josh ndi Sally, ndi ya ku America imeneyo. Chachiwiri ndi rijoni, nambala ya chigawo cha dziko lapansi yomwe imaletsa disiki kuwerengedwa pa pleya ya chigawo china. Madisiki a ku Britain ndi a 2, pomwe Malawi ili mu 5. Pleya yogulidwa ku Johannesburg iwerenga, chifukwa South Africa ili mu 2, ndipo mapleya ambiri otchipa sasankha, komabe yesani disiki imodzi kaye. Pa laputopu samalani: rijoni imasinthika kasanu kokha, kenako imatsekeka pomwepo.

Nambewe: Muonenso ngati mawu olembedwa pansi alipo. Mitchell amalankhula Chingelezi cha ku Ireland, ndipo Tom amameza mawu, nthabwala zambiri zingakupiteni. Zokopera za pamsika zisiyeni. Amapanikiza sizoni yonse pa disiki imodzi, ndiye poti zambiri zimachitika usiku, chithunzi chimangosanduka timabokosi takuda.

Nachisale: Ndiye mwati bwanji, zitatu kapena zisanu?

Mbewe: Funsani mitengo yonse iwiri. Bokosi likaposa zitatu zapaderazo pang'ono chabe, tengani bokosi, a Nambewe akondwe. Likakwera kwambiri, lekerani pa yachitatu, nkhani ya Mitchell imathera pomwepo.