Kodi nsabwe za m'mutu zingafalikire kudzera m'zisoti zobwerekana?

Mphunzitsi wa masewera: Ndimaphunzitsa ana kukwera njinga, ndipo popeza zisoti zoteteza mutu n'zochepa, anawo amasinthana. Sabata yatha kholo lina linandiuza kuti mwana wake wapezeka ndi nsabwe, ndipo ndili ndi nkhawa kwambiri. Kodi ndichite chiyani kuti ena asatengere?

Namwino: Aphunzitsi, musade nkhawa kwambiri ndi zisotizo, chifukwa nsabwe siziuluka kapena kudumpha, zimangokwawa, ndipo nthawi zambiri zimafala ana akagunditsana mitu. Nsabwe ikachoka pamutu imafa pasanathe masiku awiri poti imasowa magazi. Pukutani mkati mwa chisoti mwana wina asanavale, ndipo chimene anavala mwana uja muchimange m'thumba la pulasitiki kwa milungu iwiri. Musapopere mankhwala ophera tizilombo m'zisoti, chifukwa angapweteke khungu ndi maso a ana.

Mayi wa ana atatu: Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa makolo. Aliyense ayang'ane mwana wake ndi chipeso cha mano othinana, makamaka kuseri kwa makutu ndi kunkhongo kumene mazira amamatirira. Amene agwiritsa ntchito mankhwala afunse ngati ayenera kubwereza pakatha masiku 7 mpaka 10, chifukwa mazira ena amaswa mochedwa. Chonde musatchule dzina la mwanayo kwa anzake. Nsabwe zimagwira ngakhale mwana wosamba tsiku lililonse.

Mphunzitsi wa masewera: Zikomo kwambiri nonse. Ndilembera makolo onse mawa, ndipo ndiwapempha kuti mwana aliyense azibwera ndi kansalu kake kovala pansi pa chisoti.